Kusunga chimanga kuti chifike mu Febuluwale chosafumbwa ndi chosachita chuku

Chimanga chambiri chimene timachipeza chitaonongeka m'nyumba mu Okutobala kapena Novembala chimakhala kuti chidaonongeka kale mu Meyi. Anankafumbwe amene amamveka akulongolola m'matumba nthawi yotentha, ambiri a iwo ndi ana a amene adalowa m'njere chimanga chikadali kumunda. Chuku chimene chimatulukira pansi pa thumba chimayamba ndi chinyezi chimene chidasokereredwa m'thumbamo tsiku loyamba. Ndiye amene akufuna kudya zakezake mpaka miyezi ya njala aike mtima pa masabata atatu kapena anayi a pakati pa kukolola ndi kusoka thumba. Mankhwala ndi matumba amakono amathandiza kwambiri, koma amateteza chimanga chimene chauma bwino ndipo chasankhidwa. Chonyowa sachikonza.

Kumunda

Chimanga chakhwima ngati makoko auma ndi kuyera, ndipo chambiri chazolika pa phesi. Koma chizindikiro chodalirika chili m'njere momwe. Thyolani chimanga pakati, tonolani njere zingapo, mukande ndi chikhadabo kunsonga kumene njere imagwirira chitsononkho. Mukaona kadontho kakuda, ndiye kuti njere yaleka kulandira chakudya kuchokera ku phesi, sikulanso ngakhale mutaisiya mwezi wina. Kuyambira pamenepo tsiku lililonse limene chimanga chikukhala m'munda mukungodyetsa chiswe, mbewa, mbalame ndi anankafumbwe, osanena za akuba.

Mikukwe ndi yabwino pamene chimanga chakhwima koma sichinaume kwenikweni, chifukwa mphepo imadutsa ndipo munda umayera msanga. Vuto ndi kuiwala mikukwe m'munda. Ikhale yaing'ono, yoti anthu awiri akhoza kuizungulira ndi mikono, yomangidwa pamwamba kuti isagwe, ndipo isapitirire masabata awiri. Mkukwe waukulu umasunga chinyezi pakati. Ukagwa, chimanga chakhudza dothi, ndipo m'dothimo ndi mmene mumakhala nkhungu yobweretsa chuku. Kumadera a chiperoni monga Thyolo, Mulanje ndi mapiri a ku Zomba, kumene kamvula kowaza kamatha kugwa masiku angapo mu Juni ndi Julayi, ndi bwino kutuliratu chimanga kunyumba n'kukachiyanika pamalo poti mukhoza kuchifunda.

Yang'anani mtundu umene mudabzala. Chimanga chamakolo chili ndi njere zolimba ndipo makoko ake amatseka mpaka kunsonga, n'chifukwa chake chinkakhala m'nkhokwe chaka chonse. Mitundu yambiri ya haibulidi imabereka kwambiri, koma ina ili ndi njere zofewa, ndipo chimanga chikakula makoko safika kumapeto. Pansonga poonekerapo ndi pamene madzi a mvula amalowera ndipo nankafumbwe amaikirapo mazira. Ngati muli ndi mitundu iwiri, yambani kukolola haibulidi, ndipo pakudya muyambenso yomweyo. Chamakolo chisungidwire kumapeto.

Posenda makoko, chimanga chigwere pa tenti, pa matumba oyala kapena m'ngolo, osati pa dothi. Kusankha kuyambire pomwepo, chifukwa chimanga chowola n'chosavuta kuchiona chikadali pa chitsononkho kusiyana ndi pamene njere zake zabalalika m'mulu wa matumba 20. Pakhale milu itatu. Woyamba ndi wa chimanga chabwino, chopita kosunga. Wachiwiri ndi wa chimene chidagwa pansi, chojejedwa ndi mbewa, choboledwa ndi mbozi kapena chimene chayamba kale kufumbwa koma sichinawole: ichi chitonoledwe pachokha, chisankhidwe njere ndi njere, chidyedwe msanga. Wachitatu ndi wa chowola, chanthenya zoyera, chobiriwira, chakuda kapena chofiirira. Za mulu umenewu tinena bwino kutsogoloku.

Kuyanika, kutonola ndi kupeta

Chimanga chochokera kumunda nthawi zambiri chimakhala ndi chinyezi choposa 18 peresenti. Chosungika chiyenera kutsika kufika pa 13 peresenti kapena kucheperapo. Kusiyana kwa manambala awiriwa kukuoneka kochepa, koma ndi kumene kumalekanitsa thumba lodyedwa mu Febuluwale ndi thumba lotayidwa mu Ogasiti.

Yambani kuyanika chikadali pa zitsononkho, masiku angapo, pa nsanja yokwera kapena pa tenti, mosaunjika. Mukatonola chisanaume, njere zimatumbuka ndi kuphwanyika, makamaka mukagwiritsa ntchito makina. Kuika chimanga m'thumba n'kumapuntha ndi mtengo kumafulumiza ntchito, tikudziwa, koma kumasweka njere zambiri ndipo zina zimang'aluka mosaoneka ndi maso. Njere yosweka ilibe khungu loiteteza: imayamwa chinyezi msanga, nkhungu imalowa mosavuta, ndipo timafumbwe tating'ono tosatha kuboola njere yathunthu timapezerapo chakudya. Kutonola ndi manja kapena ndi kachitsulo kotonolera kozungulira kumachedwa, koma chimanga cha banja chimene chikhale miyezi 9 chikuyenera ulemu umenewo. Ngati mwaitana a makina, imani pomwepo, tapani dzanja limodzi pamene njere zikutulukira. Mukaona zosweka zambiri, auzeni achepetse liwiro, kapena siyani kaye chimanga chiwambe masiku ena awiri.

Petani ndi lichero kapena pa mphepo mpaka mungu, tizidutswa ta zitsononkho ndi fumbi zichoke. Zinyalala zimenezi zimasunga chinyezi, zimatseka mipata yodutsa mpweya pakati pa njere, ndipo zimamwa mankhwala amene akadakhala pa chimanga.

Kenako yanikani njere. Yalani tenti, pepala lakuda lapulasitiki kapena mphasa pamalo osesa bwino, poti dzuwa limafika tsiku lonse. Chimanga chisachindikale kupyola zala zitatu zogundana, masentimita 4 kapena 5. Chitakaseni ndi manja, ndi thabwa kapena ndi mapazi osamba kamodzi pa ola lililonse, kuti chapansi chibwere pamwamba. Nkhuku, mbuzi ndi agalu zisayandikire. Dzuwa likapendeka, cha m'ma 3 kapena 4 koloko, sonkhanitsani ndi kufunda kapena kulowetsa m'nyumba. Chimanga chogona panja chimamwa mame, ndipo m'miyezi ya Meyi ndi Juni mame ndi ambiri, motero ntchito ya dzulo imabwerera m'mbuyo. Musayanike pa dothi lokha kapena m'mbali mwa msewu wa tala, pamene pamagwa mafuta a galimoto, miyala ndi ndowe.

Palinso chimodzi chimene ambiri sachilabadira: musathire chimanga chotentha m'thumba n'kusoka. Chikazizira m'katimo chimachita thukuta, makamaka m'thumba lapulasitiki. Chisiyeni pamthunzi ola limodzi kapena awiri chipole.

Mudziwa bwanji kuti chauma

Kuluma ndi njira yoyamba. Njere youma imalimba gwa, ikasweka imati thwa, m'kati mwake muli mbee. Yosauma imalowa dzino n'kusiya chizindikiro. Mukapisa dzanja m'thumba la chimanga chouma limalowa mosavuta mpaka pachigongono, ndipo njere zimalira mokweza mukazikhutchumula m'chitini. Koma mano amanama, makamaka pa chimanga chamakolo chimene ndi cholimba ngakhale chisanaume.

Njira ya mchere ndi botolo ndi yodalirika kuposa apo, ndipo siifuna ndalama. Pezani botolo lagalasi loonekera m'kati, lokhala ndi chotsekera, louma kotheratu. Mchere wake uyambe waumitsidwa: uyanikeni padzuwa lamasana maola angapo kapena muukazinge pang'ono m'chiwaya chouma, uzizire m'chinthu chotseka. Mchere wongotapa kukhitchini umakhala ndi chinyezi kale ndipo ukunamizani. Thirani chimanga m'botolo mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezani masupuni akulu awiri kapena atatu a mchere, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi. Lisiyeni mphindi 15 pamthunzi, mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume, chibwerere padzuwa. Ukagwa pansi wonse, galasi lili loyera, ndiye kuti chinyezi chatsika pansi pa 15 peresenti. Onani kuti 15 si 13. Choncho mchere ukavomera, onjezanibe tsiku limodzi kapena awiri a dzuwa lamphamvu musanasoke.

Chimanga choyesa chitapidwe m'malo angapo a mulu, pakati ndi pansi pomwe, osati pamwamba pokha pamene dzuwa lawomba kwambiri. Kumene kalabu, kopaletivi kapena alangizi a zaulimi ali ndi kamakina koyezera chinyezi, pitani ndi kambale ka chimanga akakuyezereni.

Tinenepo za kulemera. Thumba la makilogalamu 50 la chimanga cha chinyezi cha 18 peresenti likauma kufika pa 13 limatsala makilogalamu pafupifupi 47. Makilogalamu atatu amenewo ndi madzi, si chakudya. Koma ndi chifukwa chake ena amathamangira kugulitsa chisanaume, ndipo wogula chimanga chotchipa pamsika mu Epulo ndi Meyi adziwe kuti wagula ntchito yoyanika. Asachiike m'nyumba chosokedwa momwe wachigulira.

Adani awiri ofanana dzina

Nankafumbwe amene tidamuzolowera ndi wakuda, wamlomo wautali. Wamkazi amaboola njere, kuikira dzira m'katimo, n'kumata bowolo. Mphutsi imadya m'kati mosaoneka, ndipo nyengo ikakhala yotentha pakatha masabata anayi kapena asanu imatuluka ili nankafumbwe wamkulu. Mmodzi amaikira mazira mazana angapo. Ichi n'chifukwa chake chimanga chooneka choyera pa tsiku losoka chimatha kudzaza anankafumbwe mu Seputembala: adali m'njere kale.

Wachiwiri, amene nayenso timamutcha nankafumbwe koma pa Chingerezi ndi Larger Grain Borer, ndi woopsa kwambiri. Ndi wofiirira moderako, woumbika ngati kachidutswa ka mtengo wa machesi, mutu wake wobisika pansi, wopanda mlomo wautali uja. Kwawo ndi ku Central America. Adafika ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo adalowa m'Malawi kudzera kumpoto kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mumamudziwa ndi ufa wambirimbiri umene amasiya, chifukwa amaboola zambiri kuposa zimene amadya. Amakonda chimanga cha pa chitsononkho, amadya makaka a chinangwa, ndipo amaboola mitengo ndi nsungwi za nkhokwe n'kubisalamo kudikira zokolola za chaka chamawa. Kubwera kwake ndi kumene kudachititsa kuti malangizo asinthe, kuchoka pa kusunga chimanga cha makoko m'nkhokwe kupita pa kutonola ndi kuika m'matumba. Amene akugwiritsabe ntchito nkhokwe aitenge ngati malo oumitsira kwa masabata ochepa. Ikhale yokwera mita imodzi kuchokera pansi, denga losadontha, miyendo yake yovekedwa malata opindidwa ngati chipewa kuti makoswe asakwere, ndipo chimanga chitsitsidwe n'kutonoledwa kusanayambe kutentha.

Kuthira mankhwala a fumbi

Mankhwala a fumbi monga Actellic Super, Actellic Gold kapena Shumba Super ali ndi mitundu iwiri ya mankhwala m'botolo limodzi, chifukwa umene umapha nankafumbwe wamlomo sukwanitsa bwino wachiwiri uja. Gulani m'sitolo yovomerezeka ya zipangizo zaulimi, botolo likhale lomata, lolembedwa tsiku lothera mphamvu. Mankhwala ololedwa m'dziko muno amalembetsedwa ku Pesticides Control Board. Fumbi logulitsidwa m'timapepala pamsika, lopanda dzina, nthawi zina limakhala losakaniza ndi ufa kapena laimu, ndipo mudzazindikira mochedwa.

Muyezo wozolowereka ndi magalamu 25 pa thumba la makilogalamu 50, kutanthauza kuti botolo la magalamu 200 limakwana matumba 8. Werenganibe zolembedwa pa botolo lanu ndipo mutsate zimenezo. Kutambasula botolo limodzi kuti likwane matumba 15 ndi kutaya ndalama kawiri: anankafumbwe safa onse, ndipo otsalawo amabereka ana opirira mankhwala. Kupyoza muyezo nakonso ndi kuika banja pangozi popanda phindu lililonse.

Kathiridwe kake ndi kamene kamavuta ambiri. Kuwaza fumbi pakamwa pa thumba lodzaza kale sikuteteza kanthu. Khuthulani thumba limodzi kapena awiri pa tenti, pamthunzi, posaomba mphepo. Wazani mankhwala pamwamba pa mulu wonse. Ndi fosholo sunthani muluwo kupita mbali ina ya tenti, muubwezenso, musunthenso kachitatu, mpaka pasaoneke malo oyera kwambiri kuposa anzake. Njere iliyonse ikhale ndi kafumbi. Wothira amange kansalu pakamwa ndi pamphuno, avale magolovesi kapena majumbo m'manja, asadye kapena kusuta pa ntchitoyo, akatha asambe ndi sopo ndi kuchapa zovala. Ana akhale kutali. Botolo lotha libooledwe ndi kukwiriridwa, lisasanduke la mchere kapena shuga.

Mphamvu ya fumbi imanka ichepa, msanga ndithu kumadera otentha monga ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja. Pakatha miyezi pafupifupi 6 musalidalirenso osayang'ana. Chimanga chothira mankhwala chipetedwe bwino chisanapite kuchigayo, ndipo dikirani masiku amene botolo lanena musanayambe kudya. Chimene mudye m'miyezi iwiri yoyamba sichifunika mankhwala konse ngati chauma bwino, chipatuleni.

Pali mapiritsi otuwa amene amatulutsa mpweya wa poizoni, amene ena amagulitsa limodzilimodzi pamsika kuti muponye m'thumba. Tikupemphani, musalowe nawo m'nyumba. Mapiritsi amenewa adapangidwira anthu ophunzitsidwa, ogwira ntchito m'nyumba zikuluzikulu zosungira mbewu, momwe milu ya matumba imafundidwa ndi matenti osatulutsa mpweya. Thumba wamba lili ndi mabowo, mpweyawo umatuluka n'kudzaza chipinda, ndipo umapha munthu ali m'tulo, ana poyamba. Komanso ukauluka susiya chitetezo chilichonse pa chimanga.

Matumba osalowa mpweya

Matumba a PICS, amene adachokera ku kafukufuku wa pa Purdue University ku America, ndi ena ofanana nawo, safuna mankhwala. Thumba la PICS lili ndi mapepala awiri ochindikala apulasitiki m'kati ndi saka wamba kunja. Mukamanga bwino, anankafumbwe ndi mphutsi zawo amapuma mpweya wochepa umene watsala pakati pa njere mpaka utha, kenako amaleka kudya ndi kuswana, n'kufa. Ntchito yonse yagona pa kusalowa kwa mpweya, ndiye kabowo kamodzi kokwana nsonga ya singano kakhoza kuononga zonse.

Musanathire, yesani pepala lililonse palokha. Likupizeni lidzaze mpweya, gwirani pakamwa, likanikizeni pang'ono. Likamaphwa, lili ndi bowo. Bowo laling'ono limamatika ndi tepi yolimba mbali zonse ziwiri, koma long'ambika kwambiri lisiyeni. Lowetsani pepala loyamba m'lachiwiri, onse awiri m'saka, mupinde milomo yawo kunja. Thirani kaye ndowa imodzi, mugwedeze kuti pansi pakhale bwino popanda makwinya, kenako mupitirize, mukugwedeza kuti njere zithinane. Chimanga chikhale chopeta bwino, chifukwa kachidutswa kakuthwa ka chitsononkho kapena kamwala kamaboola pepala. Musadzaze mpaka pakamwa, siyani malo okwana chikhatho ndi theka oti mumangire.

Mangani pepala lililonse palokha. Yambani ndi lam'kati: kanikizani kuti mpweya wa pamwamba utuluke, potokolani khosi lake mpaka lilimbe, lipindeni pawiri, mumange ndi chingwe kapena mphira ya chubu cha njinga. Waya ayi, amadula. Chitani chimodzimodzi ndi pepala lachiwiri, kenako saka. Kumanga onse atatu pamodzi ndi mfundo imodzi ndiko kulakwitsa kumene kumachitika kawirikawiri.

Mukatseka, lisatsegulidwe kwa miyezi iwiri yoyamba. Kutsegula kuti muone ngati anankafumbwe afa ndi kuwapatsa mpweya watsopano. Pa chifukwa chomwecho, thumba lodyera likhale lina, osati kumatapa sabata iliyonse m'thumba losunga. Mukafuna kutapa, tapani zokwana mwezi wathunthu, mumangenso nthawi yomweyo monga poyamba. Thumbali lisabayidwe ndi kachitsulo koonera chimanga kamene ogula amayenda nako, lisakokedwe pansi, ndipo lisakhale padzuwa. Mukalisamala limagwira ntchito zaka zitatu kapena kuposerapo, motero mtengo wake, ngakhale umaoneka wokwera pogula, muugawe pa zaka zimenezo n'kuyerekeza ndi mtengo wa saka ndi mankhwala a chaka chilichonse.

Chimanga chosauma m'thumba lotere chimaonongeka msanga kuposa m'saka wamba, chifukwa chinyezi chilibe kothawira. Chimasasa, chimanunkha ngati masese, chimasintha mtundu, ndipo ngati inali mbewu sichimeranso. Nkhokwe zachitsulo, migolo ndi zigubu za malita 20 zimagwira ntchito mwa njira yomweyi: zidzaze mpaka pakamwa, zitsekedwe ndi mphira, zikhale pamthunzi. Chigubu chimene mudali mafuta a galimoto kapena mankhwala a mbewu sichiyenera chakudya ngakhale mutachitsuka kangati. Nyemba, khobwe ndi nandolo, zimene zimafumbwa msanga kuposa chimanga, zimasungika bwino kwambiri m'zigubu zotere.

Chipinda chosungira

Zokolola zatsopano zisapeze zakale. Tulutsani zonse, sesani pansi, m'makona, m'ming'alu ya khoma ndi kudenga, mutenthe zinyalalazo. Matani ming'alu ndi mauna a makoswe. Masaka akale ndi amene amasamutsa anankafumbwe chaka ndi chaka: atembenuzeni, akutumuleni, muwaviike m'madzi owira, aume padzuwa. Chimanga chotsala cha chaka chatha chikhale kwina ndipo chidyedwe choyamba.

Matumba asagone pa simenti kapena pa dothi, chifukwa pansi pamatulutsa chinyezi mvula ikayamba. Ikani njerwa, pamwamba pake mitengo kapena matabwa, kuti matumba akwere masentimita 15 kapena kuposa. Pakati pa matumba ndi khoma pakhale mpata woti munthu adutse, pafupifupi theka la mita, ndipo asafike kudenga la malata kumene kumatentha masana n'kudontha thukuta usiku. Feteleza, palafini ndi mankhwala a kumunda zisakhale m'chipinda chimodzi ndi chakudya. Khoswe saopa pepala la PICS, choncho misampha ndi mphaka zikufunikabe, ndipo udzu wozungulira nyumba ulambulidwe.

Chuku

Apa tichedwepo, chifukwa nankafumbwe amaba chakudya koma chuku chimaononga thupi. Nkhungu zina zomera pa chimanga ndi mtedza zimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Alibe fungo lake, saoneka, ndipo satha ndi kuphika, kukazinga kapena kufulula. Wochepa wodyedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka amaononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana. Wambiri pa nthawi imodzi amapha: mu 2004 kum'mawa kwa dziko la Kenya anthu 125 adamwalira atadya chimanga chawochawo chimene chidasungidwa chisanaume.

Nkhunguzi zimalowa kumunda, makamaka chaka chimene ng'amba yagwira chimanga chikukhwima kapena mbozi zaboola, ndipo zimakula m'nyumba ngati muli chinyezi ndi kutentha. Poizoni wambiri amakhala m'njere zochepa, zoonongeka, zosintha mtundu, zonyala ndi zosweka. Ichi ndi chotilimbitsa mtima, chifukwa kusankha ndi manja pa lichero kumachotsa gawo lalikulu la vutoli. Chitani zimenezi nthawi iliyonse musanapite kuchigayo. Mukathira chimanga m'madzi, zoyandama zonse muziyoole n'kutaya.

Mulu wachitatu uja, wa chimanga chowola, ukwiriridwe kapena utenthedwe. Tikudziwa kuti m'chaka cha njala mawu amenewa ndi olemera, ndipo chizolowezi ndi kupatsa nkhuku ndi nkhumba kapena kugulitsa kwa ofulula mowa. Koma nkhuku zodya chowola zimakula mochedwa, zimachepetsa mazira ndipo anapiye amafa. Ng'ombe yamkaka ikadya, poizoni amatulukira mumkaka umene ana amwe.

Kukonola kumathandizanso, chifukwa poizoni wambiri amakhala pa khungu ndi pamtima pa njere, zimene zimapita ku gaga. Kuviika mphale kumachotsa winanso. Choncho pamene mukukayika chimanga chanu, ufa woyera ndi wotetezeka kuposa mgaiwa, ngakhale mgaiwa wa chimanga chabwino uli ndi chakudya chambiri m'thupi. Matsukwa atayidwe, asalowe m'phala kapena m'thobwa, ndipo madeya a chimanga chokayikitsa asadyedwe kapena kupatsidwa ng'ombe zamkaka.

Mtedza ndiwo umagwidwa ndi chuku kuposa chimanga. Ukumbeni pa nthawi yake, pamene m'kati mwa makoko ambiri mwachita mawanga akuda. Musauunjike ndi masamba ake auwisi pa dothi. Uikeni mozondoka, mizu m'mwamba, kapena muusanje mozungulira monga alangizi amaphunzitsira pa njira ya Mandela, mtedza kuloza m'kati, masamba kunja, pakati pali mpata wodutsa mphepo, pamwamba chipewa cha udzu. Wauma ngati ukulira m'makoko mukaugwedeza. Usungeni ndi makoko ake, muziswa wokhawo mukufuna. Kuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, kapena kuti ulemere pa sikelo, ndi kuitana chuku ndi manja awiri. Ndipo chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino n'kusunga wonyala ndi wosweka kuti ukhale nsinjiro za phala la mwana chitheretu. Mtedza wa mwana ukhale wosankhidwa kuposa wa kumsika.

Ufa, ndi kuyendera matumba

Ufa suchedwa kuonongeka ngati chimanga chathunthu, choncho gayitsani wokwana masabata awiri kapena atatu, makamaka mgaiwa umene uli ndi mafuta ndipo umayamba kuwawa. Mphale yoviika itsukidwe, iyanikidwe isanapite kuchigayo. Ufa ukabwera kuchigayo umakhala wofunda ndi wachinyezi: uyaleni pa mphasa yoyera kapena pa nsalu padzuwa, muutakase mpaka ukamafumbatidwa m'dzanja uzimwazika osaumbika. Uzizire, kenako ulowe m'ndowa youma yotseka. Ndowayo ithe kaye ndi kupukutidwa musanathiremo wina, osamangothira watsopano pamwamba pa wakale.

Kamodzi pa mwezi lowani m'chipinda chosungira ndi tochi. Yang'anani pansi pa matumba ngati pagwa ufa, zitosi za makoswe kapena njira za chiswe. Gunditsani khutu pa thumba nthawi ya madzulo, anankafumbwe akachuluka amamveka. M'masaka wamba pisani dzanja mpaka pakati: chimanga chikakhala chofunda kuposa chipinda, kapena chikununkha chinyontho, chitulutseni tsiku lomwelo. Chiyanikeni padzuwa mopyapyala, anankafumbwe ambiri amathawa kutentha, chipeteni, chisankheni, kenako muchiike m'thumba losalowa mpweya kapena muchigayitse chidyedwe. Matumba a PICS ayang'aneni kunja kokha, ngati saka labooledwa kapena mfundo yamasuka. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, kwerani muone denga pamwamba penipeni pa matumba, ndipo muyendere chipindacho sabata iliyonse mpaka mvula idzathe.